Patha miyezi 7: besi yosowa ndi nkhani ya waya wofiira ndi wakuda

Ampu (chipangizo chokuzira mawu) ndi masipika awiri amene ndinagula mu Epulo ndakhala nazo miyezi 7 tsopano, ndipo ndikufuna kubweza mawu anga. Masabata oyambirira ndinkauza anzanga pano pa Dedza boma kuti masipikawa alibe besi. Vuto silinali masipika ayi. Polumikiza ndinatembenuza mawaya a sipika imodzi, wopita polumikizira pofiira (+) n'kumulowetsa pakuda (-).

Zinaululika mu Julaye, masiku ozizira aja amene munthu umangobindikira m'nyumba. Tikumvera nkhani pa MBC Radio 1, mlamu wanga, yemwe amakonza mawailesi, anatchera khutu n'kunena kuti, “Alamu, owerenga nkhaniwa ali pati? Mawu awo ayenera kumveka pakati pa masipika, koma awa akungomwazika. Tabweretsani batire.” Anazimitsa ampu, kuzula mawaya kumbuyo kwake, n'kumagunditsa nsonga zake mwachidule pa batire ya AA ya 1.5V. Waya wochokera kofiira ukakhudza pa +, chipepala chozungulira cha sipika chimayenera kutumphukira kunja. Ya kumanzere inatumphuka, ya kumanja inalowa m'kati.

Ndiye kuti miyezi itatu yathunthu, sipika ina ikamakankha mpweya, inzake inkaukoka. Funde la mawu a besi ndi lalitali: la 100 Hz (kunjenjemera ka 100 pa sekondi) limafika mamita 3.4, pamene masipika anga atalikirana mamita awiri okha. Mafunde awiriwo ankafafanizana asanafike pampando wanga. Titangokonza, ng'oma zinayamba kumveka mpaka pachifuwa. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo.

Panatsala mtsutso umodzi. Mlamu anati ena amanena kuti ngakhale utatembenuza masipika onse awiri pamodzi, khutu limamva kusiyana. Tinati tiyese osanamizana. Ine ndinkatuluka kukaima pakhonde, iye n'kuzimitsa ampu, kusintha mawaya kapena kuwasiya, n'kulemba pakapepala. Ndikalowa tinkaika nyimbo yomweyo, voliyumu osaikhudza. Atatembenuza imodzi yokha ndinalondola maulendo onse 10, mwina nyimbo isanafike n'pakati pomwe. Atatembenuza onse awiri ndinalondola maulendo 6 okha mwa 10. Tinabwereza mu Seputembala, ndinalondola 4. Uku n'kungolota basi. Mayi a kunyumba amaimba kwaya ndipo khutu lawo limagwira msanga mawu ophonya, koma nawonso sanathe kusiyanitsa. M'chipinda changa cha simenti ndi malata, kusuntha sipika pang'ono kuchoka pakhoma kumasintha mawu kwambiri kuposa kutembenuza onse awiri.

Ampu yokha ikugwira bwino, sikutentha mopitirira ngakhale italira tsiku lonse Loweruka. Chotembenuzira voliyumu chayamba kukhetekhesa chifukwa cha fumbi la Okutobala. Chimene sichikundisangalatsa ndi timapanira takumbuyo kwa masipika; n'tofooka, ndipo waya amazuka akangokokedwa pokolopa. Apa m'pamene mawaya amasinthanirana, chifukwa wobwezera amangolowetsa pamene pali bowo. Waya wanga ali ndi kamzere koyera mbali imodzi, koma madzulo sikaoneka. Ndinamanga kamfundo pansonga iliyonse yopita kofiira, ku ampu ndi ku sipika komwe, ndipo ndinawaonetsa ana. Batire ija ndimaisunga pamwamba pa ampu.