Rimoti yophunzira yakwanitsa nyali za pabalaza, koma za pakhonde zaikanika

Rimoti yomwe ndikunena pano ilibe dzina loti mungalidziwe. Ndi zakuda zija zochokera ku China, zokhala ndi mabatani atatu pamwamba olembedwa TV, CBL ndi DVD. Ndinaigula mushopu ina ya zamagetsi ku Limbe pamtengo wochepera wa rimoti yeniyeni ya TV. Imafika m'mutu mulibe kanthu. Palibe kabuku ka manambala ngati marimoti ena aja a TV iliyonse. Chilichonse chomwe iti izichita muyenera kuiphunzitsa nokha, batani limodzilimodzi, kuchokera ku rimoti yakale yomwe ikugwirabe ntchito. Ngati yakaleyo inasowa kapena inafa, iyi musavutike n'kugula.

Ine sindinaigulire TV kwenikweni. Pabalaza pathu pali nyali zitatu zoyendera rimoti: mzere wa LED kuseri kwa TV, wina pansi pa kabati, ndi babu losintha mitundu pa nyali yoimika pakona. Iliyonse inabwera ndi karimoti kake kopyapyala ka batire lobulungira la CR2025, toterereka tija timangolowa m'mphepete mwa mipando. Amayi, omwe tikukhala nawo chifukwa mawondo akuwavuta, ankafuna chinthu chimodzi chogwirika m'manja, cha mabatani ooneka, choti azizimitsira zonse osadzuka pampando.

Kuphunzitsako sikovuta, kumangofuna kudekha. Mumagoneka marimoti awiriwo patebulo mitu itayang'anizana, pakati mpata wa zala ziwiri. Mumadina SET osachotsapo chala mpaka kanyali kofiira kayake, kenako batani lomwe mukufuna kuliphunzitsa, kanyali kaja n'kuyamba kuphethira. Apo mudine batani la pa rimoti yakale. Kakaphethira katatu ndiye kuti yagwira. Pepala la malangizo, la Chingerezi chopindikapindika, limathera pomwepo. Silinena kuti karimoti kakale kamafunika batire latsopano, apo ayi yatsopanoyi imakopa uthenga woduka n'kumavomera ngati zonse zili bwino. Silinenanso kuti musachitire pawindo masana. Marimoti amenewa amalankhula ndi kuwala kwa infrared, kosaoneka ndi maso, kothwanima pafupifupi ka 38,000 pa sekondi, ndipo dzuwa lili ndi kuwala kotere kwambirimbiri, moti limasokoneza. Madzulo, makatani atatsekedwa, zinayenda myaa.

TV ndinaisiya pa gawo la TV, dikoda ya GOtv pa CBL, nyali zonse n'kuziunjika pa DVD, poti DVD yathu inapuma kalekale. Batani la 1 kuyatsa, la 3 kuzimitsa, mabatani a mawu kuwonjezera ndi kuchepetsa kuwala. Pa kuwalako pali kachilema. Pa karimoti kakale ukagwiritsa batani, kuwala kumatsika kokha pang'onopang'ono, koma pa yophunzirayi umachita kudina kambirimbiri. Amayi sakudandaula nazo, ine zimanditopetsa.

Tsono pali chinthu chomwe ndikanakonda aliyense achidziwe asanagule nyalizo, osati rimoti. Timarimoti ta LED todziwika tili pawiri. Ka mabatani 24 kali ndi ON payekha ndi OFF payekha. Ka mabatani 44, kooneka kapamwamba chifukwa cha mitundu yambiri, kali ndi batani limodzi loyatsira ndi kuzimitsira komwe. Kusiyanako kumaoneka kwachabechabe mpaka mutakhala ndi nyali ziwiri zomvera uthenga umodzi. Tsiku lina imodzi sinamve, mwina mwana anaima kutsogolo kwake, basi zasemphana: mukadina, iyi ikuyaka inayo ikuzima, mukadinanso zasinthana. Kuti zigwirizanenso muyenera kudzuka, kukaphimba diso la imodzi ndi dzanja, n'kudina. Pa za ON ndi OFF zosiyana, vutoli kulibe. Mukadina OFF, yoyaka imazima, yozima imakhala chizimire. Mzere wa pansi pa kabati unali wa mabatani 44, ndipo ndinangosintha kabokosi kake koyera kolandira uthenga n'kuikapo ka 24. N'kotchipa, ndipo mzere wa 12V womwewo unalowa bwinobwino pa timapini tinayi tija. Chisinthireni, batani limodzi likuzimitsa mizere yonse iwiri.

Mizereyi imamvera limodzi chifukwa opanga zinthu zotchipazi ambiri amagwiritsa ntchito kalankhulidwe kamodzi kotchedwa NEC, kawirikawiri ndi manambala ofanana. Kwa ife zinatikomera, koma ubwino wake ndi womwenso kuipa kwake. Simungayatse wa kuseri kwa TV wokha wina n'kusiya, pokhapokha mubise diso la winayo. Babu la pakona lili ndi manambala akeake, ndiye linatenga mabatani 4 ndi 6. Ndinamata timapepala tolemba ndi bolopeni pansi pa mabataniwo, chifukwa pa rimoti palibe polembapo, ndipo palibe angakumbukire kuti 6 ndi kuzimitsa pakona.

Za pakhonde ndi nyali zakunja ndiye nkhani ina. Mnyamata wa mushopu uja ananditsimikizira kuti, "Bwana, iyi imakopa chilichonse, ngakhale ya geti." Si zoona. Nyali zakunja kwathu zimayendera karimoti ka mabatani A ndi B kokoleka ku makiyi, komwe wamagetsi anaika pamodzi ndi kabokosi kobisika kudenga. Kumayika patsogolo pa yophunzirayi, kanyali kofiira kamangophethira mpaka kutopa n'kuzima. Wamagetsiyo nditamuimbira anaseka. "Achimwene, kameneko n'ka wayilesi, 433. N'chifukwa chake kamayatsa muli kuchipinda chitseko chili chotseka. Yanuyo ili ndi maso okha, makutu ilibe." Amanena 433 MHz, mafunde a wayilesi omwe amadutsa khoma, pomwe infrared imafuna kuti mulozetse ndithu.

Njira yodziwira musanawononge ndalama ndi yachidule. Tsegulani kamera ya foni, lozetsani mutu wa rimoti ku kamerayo, dinani batani. Mukaona kuwala kotuwa mofiirira kukuthwanima pa sikirini, ndi ya infrared, ikopeka. Mafoni ena, makamaka iPhone, kamera yakumbuyo imasefa kuwalaku, ndiye yesani ndi yakutsogolo. Mukapanda kuona kanthu, komanso kumutu kulibe kagalasi kobulungira, rimoti yophunzira yamtundu uwu siithandiza. Mababu a WiFi oyendera pulogalamu ya pafoni ngati Tuya nawonso ayi, a Philips Hue oyendera mafunde a wayilesi otchedwa Zigbee chimodzimodzi. Za geti ndiye n'zovutirapo, chifukwa mamota ambiri amakono amasintha nambala nthawi iliyonse mukadina, dala kuti akuba asakope.

Zida zomva zonse ziwiri zilipo. Broadlink RM4 Pro imaphunzira infrared ndi 433 MHz yomwe, koma ndi kabokosi kokhala pashelefu, kofuna WiFi ya 2.4 GHz, kolamulidwa ndi foni. Kwa ine n'kabwino, kwa Amayi ayi, poti foni yawo ndi ya mabatani ndipo sakufuna ina. Marimoti a Logitech Harmony, omwe ena mwa iwo pamodzi ndi kabokosi kawo kotchedwa Hub ankatha kulamula ngakhale Hue, kampaniyo inalengeza mu 2021 kuti yasiya kuwapanga, moti opezeka ndi ogwiritsidwa kale ntchito. Mukamafufuza pa intaneti mukumananso ndi nkhani zambiri za X10, njira yakale ya m'ma 1970 yotumiza uthenga kudzera mu mawaya a magetsi a m'nyumba, ndi kabokosi ka IR543 kolandira uthenga wa rimoti. Kameneko ndi ka magetsi a 120V a ku America, ife kuno tili pa 230V, ndiye musakaitanitse. Karimoti ka pakhonde ndinangokakhomera msomali pafupi ndi chitseko.

Ziwiri zina si mlandu wa rimotiyi koma mukumana nazo. Nyali yoyendera rimoti imafuna switchi ya pakhoma izikhala yoyatsa nthawi zonse. Wina akaizimitsa mwachizolowezi potuluka, rimoti imasanduka chidole, ndipo mumva Amayi akuitana, "Iwe, chinthu chako chija chafanso!" Ndinamata tepi yakuda pa switchi ya soketiyo, nkhani n'kutha. Chinacho ndi magetsi akazima n'kubwera pakati pa usiku. Babu la pakona limadzuka lokha, loyera mbee, osakumbuka kuti linazimitsidwa, pomwe mizere ya LED imabwerera momwe inalili. Babulo tsopano timalizula ku soketi pokagona.

Pa kalimbidwe, pulasitiki yake ndi yopepuka, chivundikiro cha mabatire chimagwedera, koma yagwapo pa simenti osasweka. Imafika kuchokera pa mpando wa Amayi mpaka kuseri kwa TV popanda kutukula dzanja, kuposa timarimoti topyapyala tija. Imadya mabatire awiri a AAA opezeka pa okala iliyonse, ndipo nditawasintha sinaiwale zomwe inaphunzira, chomwe ndinkachiopa kwambiri.

Ngati nyali zanu zili m'chipinda chimodzi ndipo zonse zathwanima pa kamera, guleni, ndalama yake ndi yoyenera. Popita kushopu tengani timarimoti tanu m'thumba, muphunzitse batani limodzi pakauntala pomwepo musanalipire. Timarimoti takalewo musataye mukamaliza, chotsanimo mabatire n'kutisunga mu envulopu, chifukwa yophunzirayi ikadzafa mudzafunika kuphunzitsa ina kuchokera ku tomweto.