Kuboola fupa poika implant: njira zitatu, ndi chomwe chingakudyereni ndalama kawiri

Anthu akuno ku Salima omwe akulingalira zopita ku Lilongwe kukaikitsa dzino la implant (chitsulo chomwe amachilowetsa m'fupa la nsagwada kuti chigwire dzino loikirira) amakonda kufunsa za mtundu wa chitsulo. Ambiri mwa ma implant ndi a titanium, zisakutayitseni nthawi. Funsani momwe dokotala akaboolere fupalo.

Njira yakale ndi yosema. Dokotala amayamba ndi choboolera cha 2.2 mm, kenako 2.8, kenako 3.5, kuti alowetse implant ya 4.1 mm. Kunsagwada ya m'munsi chakutsogolo, komwe fupa ndi lolimba ngati mlombwa, palibe yoiposa. Koma kumano a chitsakano a m'mwamba fupa limakhala lofewa ngati mtima wa phesi, ndipo akaboola mpaka 3.5 chitsulo chimangozungulira osagwira.

Apa ndi pamene pamalowa njira yachiwiri, yosiya bowo laling'ono. Amalekezera pa 2.8, chitsulo n'kudzipanikiza chokha polowa. Siilira chida chatsopano, ndipo pa fupa lofewa ndi imene ine ndingaikire kumbuyo. Kungoti pa fupa lolimba imafinya fupa mopyola muyeso, la pakamwa pa bowo n'kumasungunuka pang'onopang'ono.

Yachitatu ndi osseodensification, ya zoboolera zapadera zotchedwa Densah. Izi zimazungulira chobwerera, m'malo mochotsa fupa zimalikankhira m'mbali kuti lithithikane. Tsiku loikalo chitsulo chimagwiradi zolimba, makamaka m'mwamba. Koma zida zake ndi zodula, mtengowo umagwera inu, ndipo fupa likapola kusiyana kwake ndi njira yachiwiri kumachepa. Amaitama mopitirira.

Chimene chimagwetsa ma implant mwakachetechete ndi kutentha, ndipo sichisankha njira. Ofufuza awiri, Eriksson ndi Albrektsson, anaonetsa mu 1983 kuti fupa likafika madigiri 47 kwa mphindi imodzi limayamba kufa. Thupi lili kale pa 37, ndiye mpata ndi madigiri 10 basi. Choboolera chobuntha chifukwa chogwira ntchito ndi kuwiritsidwa kambirimbiri, dzanja lokanikiza osapumira, madzi amchere oziziritsa (saline) osafika pansi pa bowo la 10 mm, zonsezi zimawotcha. Choboolera chizilowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka, madzi akuthira nthawi yonse. Ndipo mu Okutobala, botolo la saline lokhalitsa pawindo silingaziziritse ngati lochokera mufiriji.

Kuipa kwake, fupa lopsa silidziwika tsiku lomwelo. Chitsulo chimalimba bwinobwino, mwina kufika 35 Ncm (muyeso wa mphamvu yomangira chitsulocho), wodwala n'kukwera minibasi ya ku Salima akumwetulira. Pakatha masabata atatu kapena anayi, thupi limakhala likuchotsa fupa lakale lozungulira chitsulo kuti limange latsopano. Ngati lakalelo linafa, pamamera mnofu wofewa m'malo mwa fupa, chitsulo n'kuyamba kugwedera. Zikatero achichotse, mwina awonjezere fupa lina, mudikire miyezi ingapo, kenako muyambirenso. Thiransipoti ya makilomita pafupifupi 100 ulendo uliwonse ndi yanu.

Choncho musanalipire funsani kuti chikalephera kugwira wolipira kachiwiri ndani, ndipo yankholo alilembe papepala. Funsaninso ngati ali ndi makina oyezera ISQ, nambala yosonyeza mmene chitsulo chagwirira m'fupa. Ikapitirira 70 chitsulo chagwira bwino. Ikakhala pansi pa 60, asakuikeni dzino pamwamba tsiku lomwelo, asoke nkhama mudikire kaye.