Ng'oma Zakale Zopanda Floor Tom ndi Zamakono: Zabwino Kuyenda Nazo ndi Ziti?

Woimba ng'oma za bandi wa ku Dedza akaitanidwa ku ukwati ku Lizulu kapena ku Ntcheu, chimene chimayamba kumuvutitsa maganizo ndi kanyamulidwe. Seti yakale yopanda floor tom, ng'oma ija yoima pa miyendo itatu, imachepetsa katundu, chifukwa ng'omayi, yomwe kawirikawiri imakhala ya mainchesi 14 kapena 16, imatenga malo a munthu m'minibasi ndipo kondakitala sangaisiye osailipiritsa.

Komabe kukalamba kuli ndi zovuta zake. Maseti ambiri a m'ma 1930 anali ndi bass drum, ng'oma yaikulu yomenyedwa ndi phazi, ya mainchesi 26 kapena 28, pamene yamakono imakhala ya 20 kapena 22, ndipo zikopa zenizeni za maseti akalewo zimalefuka ndi chinyezi cha nkhungu ya ku Dedza, moti woimba amangokhalira kuzikunga nyimbo zili mkati.

Seti yamakono imabwera ndi zikopa zapulasitiki, zomwe kampani ya Remo inayamba kupanga mu 1957, ndipo floor tom imapereka liwu lakuya lomwe reggae ndi nyimbo zauzimu zimafuna. Ngakhale zili choncho, kwa woyendera matola m'misewu yafumbi, ine ndingasankhe seti yakale ya bass drum yaying'ono, nditaiveka zikopa zapulasitiki.