Njati, nthiwatiwa, kangaroo kapena ng'ona: yogula ndi iti?

Amene mwazolowera nyama ya ng'ombe ndipo mukufuna kulawako yachilendo, mukayamba kufunsafunsa mumva mayina anayi mobwerezabwereza: njati ya ku America yomwe eni ake amati bison, nthiwatiwa, kangaroo ndi ng'ona. Ogulitsa nyama zonsezi mawu awo ndi amodzi, akuti mnofu wokhawokha, mafuta ochepa. Sakunama. Koma kuchepa kwa mafutako n'komwe kumagwetsa ulesi anthu ambiri, chifukwa amaiphika monga amaphikira ng'ombe, n'kuipeza youma gwaa, basi osadzagulanso. Ndipo pamene nyamazi zimasiyana kwenikweni si pa mafuta ayi. Zimasiyana pa kumene chinyamacho chinakulira, mmene chinaphedwera, ndi chimene ndalama yanu ikukalimbikitsa.

Ndiyambe ndi njati, chifukwa ndi imene ine ndimaiika patsogolo. Iyi si njati ya ku Africa ija yaukali ya nyanga zopindika. Ndi chinyama china, chaubweya wambiri, cha linunda lalikulu pamapewa, ndipo yamphongo imatha kufika makilogalamu 900. Kale zinalipo mamiliyoni makumi angapo m'zigwa za North America, ndipo mitundu ya anthu monga Lakota, Cheyenne ndi Blackfoot moyo wawo wonse unkadalira nyamayi: chakudya, zofunda, zikopa zomangira nyumba. Ankafutsa nyama, kuisinja, kuisakaniza ndi mafuta ndi tizipatso, n'kukhala kamba wosawonongeka msanga wotchedwa pemmican. M'zaka za m'ma 1870 alenje ofuna zikopa, mothandizidwa ndi njanji zatsopano, anazipulula mochititsa mantha, ndipo akuluakulu ena a asilikali ankasangalala nazo podziwa kuti njati zikatha eni dzikowo agonja ndi njala. Pofika 1889, katswiri wa zinyama William Hornaday atawerengera zotsala, anapeza kuti zinali pafupifupi 1,000 zokha.

Lero zilipo mazana angapo a masauzande, ndipo zambiri mwa izo sizili m'malo osungira nyama zakutchire ngati Yellowstone. Zili m'mafamu a anthu oweta kuti agulitse nyama. Ted Turner, yemwe anayambitsa wailesi ya kanema ya CNN, anakhala ndi gulu lalikulu kuposa munthu wina aliyense, natsegulanso malo odyera ogulitsa nyamayi. Mitundu ya eni dziko nayo inapanga bungwe lake mu 1992, lomwe pano limatchedwa InterTribal Buffalo Council, lobwezeretsa njati m'malo awo. Mu 2016 dziko la United States linaika njati kukhala chinyama choyamwitsa choimira dzikolo. Ndiye munthu akagula nyama ya njati, ndalama yake ikupita kwa wina amene ali ndi chifukwa chosungira udzu wachilengedwe m'malo mougalauza n'kudzalapo mbewu. Mfundo imeneyi kwa ine ndi yolemera.

Pakamwa bwanji? Ili pafupi kwambiri ndi ng'ombe, moti mlendo wosauzidwa sangazindikire msanga. Ikakhala yaiwisi imafiira modera, ndipo mulibe timizere toyera ta mafuta tomwe timayenda mkati mwa mnofu wa ng'ombe yonenepa. Kakomedwe kake kali ndi kutsekemera pang'ono, ilibe fungo lakutchire, ndipo mukadya simutsala ndi mafuta omata m'kamwa. Pa magalamu 100 a mnofu wophika, mafuta amakhala magalamu awiri kapena atatu basi, ndipo ayironi ndi wochuluka.

Pophika mpamene pali ntchito. Tengani chidutswa chochindikala ngati zala ziwiri, chipukuteni chiume, thirani mchere, pakani mafuta pang'ono. Chiwaya chitenthe ndithu. Mukachiika chimalira tswee, ndipo musachigwire mpaka pansi pachite khambi lofiirira, kenako tembenuzani. Mukaona timadontho tofiira tayamba kutuluka pamwamba, nthawi yakwana: chotsani, ikani pambale, dikirani mphindi zisanu musanadule. Njati imapsa msanga kuposa ng'ombe, ndipo mphindi ziwiri zowonjezera zimakwana kuisandutsa mphira. Akuluakulu oona za chakudya ku United States amalangiza kuti mkati mwa chidutswa chathunthu mufike madigiri 63 a Celsius, pamene ophika ambiri amachotsa isanafike pamenepo kuti ikhalebe yofiirako. Koma yogaya musachite nayo masewera, ifike madigiri 71, chifukwa pogaya tizilombo ta kunja kwa nyama timalowa paliponse. Kuti yogayayo isaume, sakanizanimo anyezi wodula timing'onoting'ono, ndipo musaipanikize ndi chipande ili pamoto. Mbali zolimba monga phewa ndi mwendo ndi zophika pamoto wochepa, m'mphika wovundikira, kwa maola angapo.

Zoipa zake ziliponso. Mtengo ndi wokwera, ndipo chifukwa chake n'chomveka: njati zomwe zimaphedwa chaka chathunthu ku United States sizifika chiwerengero cha ng'ombe zomwe zimaphedwa tsiku limodzi la ntchito m'dzikolo. Chachiwiri, si njati zonse zimene zimakula ndi udzu mpaka mapeto. Zambiri miyezi yomaliza amazitsekera n'kumazidyetsa chimanga ndi mbewu zina kuti zinenepe, choncho amene mukufuna ya msipu weniweni werengani zolembedwa pa paketi. Werenganinso dzina. Pakalembedwa buffalo pokha, nthawi zina imakhala njati ya ku Asia yoweta ija yokonda m'madzi, yomwe ndi nyama ina ndithu ndipo ndi yotsika mtengo.

Nthiwatiwa imadabwitsa aliyense woilawa koyamba. Munthu amaganiza kuti poti ndi mbalame, nyama yake ikhala yoyera ngati ya nkhuku, koma ndi yofiira psuu. Chidale ilibe, popeza siuluka, ndipo pafupifupi nyama yonse imachokera m'ntchafu ndi kumsana. Likulu la ulimiwu ndi Oudtshoorn, m'chigawo chouma cha Klein Karoo ku South Africa. Poyamba alimi kumeneko ankafuna nthenga zokongoletsera zipewa za amayi a ku Ulaya, ndipo ena analemera nazo kwambiri mpaka msika unagwa mu 1914. Kenako chikopa chinatenga malo, nyama n'kubwera pambuyo.

Tikaika nthiwatiwa ndi njati m'chiwaya chimodzi, pa kufewa nthiwatiwa ndiyo yopambana. Mnofu wamkati mwa ntchafu, womwe ogulitsa amati fan fillet, mpeni umangolowa wokha. Pa kukoma ndiye njati yapita. Nthiwatiwa kakomedwe kake n'kopepuka, ndipo ikapsa mopitirira imayamba kumveka ngati chiwindi. Imamwa bwino zokometsera, choncho kuiviika m'mafuta, adyo ndi tsabola kwa ola limodzi kumaithandiza, pamene njati mchere wokha umakwana. Siichedwanso kuwonongeka, musaisunge masiku mufiriji. Vuto lalikulu la ulimiwu ndi chimfine cha mbalame. Mu 2011 matendawa atabuka, nthiwatiwa masauzande ambiri zinaphedwa ndipo mayiko a European Union anasiya kugula nyama yaiwisi ya nthiwatiwa ya ku South Africa kwa zaka zingapo. N'chifukwa chake nthiwatiwa imapezeka chaka chino, chaka chamawa n'kusowa. Ngati mwaipeza yabwino, ndi yachiwiri kwa ine, ndipo kwa munthu amene mano ake safuna zolimba mwina ndi yoyamba.

Kangaroo ndiye imandivuta kuiweruza. Palibe amene amaiweta. Nyama yonse yogulitsidwa imachokera kutchire ku Australia, komwe alenje okhala ndi chilolezo amasaka usiku ndi nyali zowala, ndipo lamulo limati aiwombere m'mutu kuti ife pomwepo. Amaitumbula kutchire komweko, kuipachika pagalimoto, n'kuifikitsa kumalo ozizira kusanatenthe. Maboma a zigawo amaziwerengera ali m'ndege n'kuika malire a zomwe zingaphedwe chaka chimenecho, ndipo ndi mitundu yochepa yokha, yomwe ili yochuluka, imene imaloledwa. Chigawo cha South Australia chinalola kugulitsa nyamayi kuti anthu azidya mu 1980, zigawo zina zinatsatira mu 1993, ngakhale kuti Aaborijini, eni dziko la Australia, akhala akuidya kwa zaka masauzande ambiri.

Pa nkhani ya nthaka, kangaroo imaposa zonse. Siisowa khola, chakudya chogula kapena mankhwala. Mapazi ake ndi ofewa, sakumba nthaka youma ya dzikolo ngati ziboda za nkhosa ndi ng'ombe, ndipo imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wa methane wochepa kwambiri poyerekeza ndi ng'ombe. Koma pali kamwana ka m'thumba. Yaikazi ikawomberedwa, lamulo limati mlenje aphenso kamwanako kuti kasafe ndi njala, ndipo tokulirapo tomwe tinali pambali timatha kuthawa n'kukafera patchire. Makampani ena amagula zamphongo zokha pofuna kupewa zimenezi, ndipo ine ndikanati ndizigula kawirikawiri, ndikanafunsa funso limeneli kaye. Nkhani ya ukhondo nayo inavutapo: Russia, yomwe inkagula yambiri, inaimitsa malondawa mu 2009 ponena za tizilombo topezeka m'nyama. Ku California kugulitsa zinthu za kangaroo kunaletsedwa mu 1971.

Kakomedwe kake ndi kamphamvu kuposa zinzake zonse, kakutchire ndithu, ndipo mnofu wake ndi wakuda kufiira kwake. Okonda nyama ya gwape aikonda, koma wongoyamba kumene angadabwe nayo. Imafuna moto waukali kwa kanthawi kochepa, apo ayi mchira wake muphike pang'onopang'ono mpaka nyama ilekane ndi fupa, msuzi wake ndi wabwino zedi. Amayi oyembekezera ndi anthu a chitetezo chofooka asadye yosapsetsa, chifukwa cha kachilombo ka Toxoplasma komwe kamapezeka m'nyama zotere.

Ng'ona sindikhalitsapo. Mafamu a ng'ona, kaya ku Louisiana m'dziko la United States, ku Thailand, kumpoto kwa Australia kapena m'mbali mwa nyanja ya Kariba, cholinga chawo ndi chikopa cha zikwama ndi malamba, nyama ndi yongotsalira. Ndi yoyera, yabwino imachokera kumchira ndi m'masaya, ndipo kukoma kwake kuli pakati pa nkhuku ndi nsomba, kopanda mphamvu. N'chifukwa chake ku Louisiana amaidula timagawo, kuipaka ufa ndi tsabola, n'kuikazinga m'mafuta ambiri, zomwe zimathetsa phindu lonse la mafuta ochepa lija. Mosiyana ndi zitatu zija, iyi iyenera kupsa mpaka mkati. Nyama zokwawa zimanyamula tizilombo ta Salmonella, ndipo m'zaka za m'ma 1990 tinyongolotsi ta Trichinella tinapezeka m'ng'ona za m'mafamu ku Zimbabwe. Chomwe ndimaiyamikira n'chakuti ng'ona ya ku America yotchedwa alligator, yomwe inalembedwa m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutha mu 1967, inachotsedwamo mu 1987 itachulukanso, ndipo lero eni madambo ku Louisiana amalipidwa chifukwa cha mazira otoledwa m'malo awo, ana ena n'kubwezedwa m'madzi. Dambo likamabweretsa ndalama, mwini wake saliumitsa. Ilaweni kamodzi kuti mudziwe, koma si nyama yoti munthu angaisowe.

Wina afunsa za gwape. Gwape wowetedwa wa ku New Zealand, komwe ulimi wake unayamba cha m'ma 1970 agwape obwera nawo ku Ulaya atachuluka n'kuyamba kuwononga nkhalango, ndi wofewa, wa fungo lochepa, ndipo amapikisana ndi njati bwinobwino. Wakutchire wa ku North America ndi nkhani ina, chifukwa m'madera ambiri muli nthenda ya muubongo yotchedwa chronic wasting disease, ndipo alenje amalangizidwa kuyezetsa nyama asanadye. Kuphika sikupha chomwe chimayambitsa nthendayi. Nguluwe ndi chimbalangondo nazo zisadyedwe zofiira mkati ngakhale pang'ono, chifukwa cha Trichinella yemwe uja.

Pali mzere umodzi umene ndikupemphani musaudumphe. Nyama ndatchulazi, zikakhala zogulitsidwa movomerezeka, zimadutsa m'manja mwa oyeza nyama, zili ndi chilolezo, ndipo mukhoza kulondola kumene zachokera. Nyama ya anyani, mileme, ngaka kapena china chilichonse chobwera mozemba, chopanda pepala, sichili m'gulu limeneli ngakhale wogulitsa atachitchula kuti n'chachilendo. Kusenda ndi kutumbula nyama zakutchire zopezeka zitafa kwakhala kukuyambitsa miliri ya Ebola m'mayiko a pakati pa Africa, ndipo malonda a ngaka pakati pa mayiko ndi oletsedwa kotheratu ndi pangano la mayiko loteteza zachilengedwe la CITES kuyambira 2017. Wogulitsa akalephera kukuuzani dzina la famu kapena dziko limene nyamayo yachokera, isiyeni pomwepo.