Opha pompo kapena opha pang'onopang'ono: kuyerekeza mankhwala amadzi a chiswe, nyerere ndi tizilombo ta m'mitengo

Tsiku lomwe ndinadziwa kuti chiswe chalowa m'nyumba mwanga ndinkapukuta felemu la chitseko cha kuchipinda. Utoto unali bwinobwino, koma nditangodinikiza pang'ono, chala chinalowa ngati ndaboola pepala. M'katimo munali dothi lokhalokha, tiziswe toyera tili yakaliyakali kuthawa kuwala. M'munsi, pomwe khoma limakumana ndi simenti, panali kanjira kadothi konenepa ngati pensulo. Ndinasungunula cypermethrin mumpope n'kupopera mpaka dothi lija kuchita matope, ndipo chiswe chinafa ndikuona ndi maso angawa. Patatha masabata atatu kanjira kena kanatulukira pakhoma lomwelo, mamita awiri okha kuchokera pamalo oyamba aja.

Sikuti mankhwalawo anali achinyengo ayi. Ndinangowapatsa ntchito yomwe si yawo. Anzanga amene mukuvutika ndi zomwezi, musanatsegule botolo lililonse, tiyeni tiwaike mankhwalawa pambalipambali tione kuti awa amatha chiyani, awo amalephera pati.

Tiyambe ndi chiswe, popeza ndi chomwe chimagwetsa denga. Mankhwala amadzi othana nacho ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la ma pyrethroid: cypermethrin, bifenthrin, deltamethrin, lambda-cyhalothrin ndi permethrin. Awa amasokoneza mitsempha ya kachilombo mwachangu, kamagwa pompopompo, komanso amathamangitsa. Chiswe chimawamva m'dothi chisanawakhudze n'kubwerera. Poyamba zimenezi zimamveka ngati zabwino, koma chiswe chikabwerera sichipita kwawo kukagona. Chimatsata m'mbali mwa dothi lothiridwalo mpaka chitapeza pomwe mankhwala sanafike: pansi pa mwala, m'mphepete mwa paipi, mumng'alu wa simenti. Kampata kongokwana njere za mchenga zingapo n'kokwanira. N'chifukwa chake mankhwalawa amagwira bwino pomanga nyumba, pamene mungathire dothi lonse mofanana musanathire simenti. Panyumba yomangidwa kale, kupanga mpanda wa mankhwala wopanda kampata n'kovuta zedi.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala omwe chiswe sichiwamva: fipronil ndi imidacloprid. Fipronil anayamba kugulitsidwa mu 1993, atapangidwa ndi kampani ya ku France ya Rhône-Poulenc, ndipo ndi amene ali m'mankhwala otchedwa Termidor. Imidacloprid ndi wa kampani ya Bayer, anatuluka mu 1991. Chiswe chimadutsa m'dothi lothiridwa mankhwalawa osadziwa kanthu, chimawatenga pathupi, ndipo sichifa nthawi yomweyo. Pamene chikunyambitana ndi kudyetsana ndi chinzake, monga mwa chikhalidwe chake, chimapatsirana. Musayembekezere kuti chulu chomwe chili kutali ndi nyumba chitheratu chifukwa cha zimenezi, koma chiswe chomwe chimayenda mozungulira maziko chimachepa ndithu, ndipo kampata kakang'ono m'mpanda wanu sikakhalanso khomo lotseguka.

Pakati pa awiriwa, pa nkhani ya maziko a nyumba ine ndimasankha fipronil. Amamatirira kudothi ndipo amakhala zaka zingapo, pamene imidacloprid amasungunuka m'madzi mosavuta, kotero pamalo amchenga kapena ogwa mvula yambiri amatsukika msanga. Fipronil safunanso wambiri: m'madzi othira pamaziko amakhala pafupifupi 0.06 peresenti basi. Choipa chake n'chakuti ndi poizoni woopsa kwa nsomba ndi njuchi, ndipo samayenera kuyandikira chitsime, dziwe kapena ngalande yopita kumtsinje. Kumamatira kwakeko kumatanthauzanso kuti mukalakwitsa pothira, cholakwacho chimakhala nanu nthawi yaitali.

Koma anzanga, kusiyana kwa mankhwala n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa kathiridwe. Chiswe chomwe chimadya nyumba chimachokera pansi, ndiye kupopera khoma kuli ngati kutsuka masamba a mtengo womwe ukuola mizu. Chofunika ndi kukumba kangalande kotsamira maziko, kuya ndi kutambalala pafupifupi masentimita 15, kuzungulira nyumba yonse. Mumathira ndi kheni, osati kupopera ndi mpope, ndipo madzi ake ndi ambiri kuposa momwe anthu amaganizira: malangizo ambiri amanena za malita 5 pa mita imodzi iliyonse pamaziko osazama. Dothi lomwe mwafukula mumalinyowetsanso ndi mankhwala pokwirira. Pomwe pali khonde lasimenti pamafunika kuboola timabowo kuti mankhwala afike pansi, ndipo apa ndi pomwe munthu wodziwa ntchitoyi, wokhala ndi zipangizo zake, amaposa ife odzichitira tokha. Ulendo wachiwiri ndinatsata njira ya ngalandeyi. Sabata yoyamba chiswe chinkaonekabe, mtima unali m'mwamba, koma pofika sabata yachinayi nditaswa kanjira kadothi kaja ndinapeza kali gwaa, kouma, mopanda kanthu. Ndinakonzanso mpopi womwe unkadontha kuseri kwa khomalo, chifukwa chinyezi ndi chomwe chinkachiitana.

Ena adzakuuzani za chlorpyrifos, kuti ndi amene ankagwira ntchito kale. N'zoona, amapha, ndipo wakhalapo kuyambira 1965. Koma ndi wa gulu la organophosphate, lomwe limagwira mitsempha ya munthu momwe limagwirira ya kachilombo. Ku America anagwirizana zomuchotsa pa ntchito za m'nyumba m'chaka cha 2000, ndipo mayiko a European Union anamuletsa mu 2020, makamaka poopa zomwe amachita ku ubongo wa ana. Ine sindingamuthire pomwe mwana amakwawa. Aldrin, dieldrin ndi chlordane, omwe ankatchuka pa chiswe, ali pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa ndi pangano la ku Stockholm la mu 2001 chifukwa saola msanga m'dothi ndipo amaunjikana m'thupi. Munthu akakupatsani mankhwala a chiswe m'botolo lopanda chipepala cha malangizo, akanireni, ngakhale atawayamikira chotani.

Palinso nyambo za chiswe, zokwirira pansi, zokhala ndi mankhwala ngati hexaflumuron omwe amalepheretsa chiswe kufundula. Zimagwiritsa ntchito mankhwala ochepa kwambiri, koma zimatenga miyezi, ndipo pa chiswe chomanga zulu zikuluzikulu, chija chimalima nkhungu yake m'kati mwa chulu, sizigwira bwino ngati pa mitundu ina. Chulu chikakhala pafupi ndi nyumba, kuchikumba mpaka kupeza manthu kumathandiza, ngakhale nthawi zina chiswe chimalera manthu wina.

Nkhani ya nyerere ndi yosiyana, ndipo apa mpope ndimauika pambali. Nyerere zomwe mukuziona zitandandana pakhoma ndi kagulu kochepa kongosaka chakudya. Zambiri, pamodzi ndi manthu woikira mazira, zili kuchisa. Mukapopera pyrethroid mumapha zapanjirazo, pakhoma pamayera masiku angapo, kenako mzere watsopano umatulukira pazenera lina. Mitundu ina ya tinyerere ta m'nyumba, ikasokonezedwa ndi mankhwala othamangitsa, imagawikana n'kukhazikitsa zisa zingapo pomwe panali chimodzi. Mwapopera kuti muchepetse, koma mwachulukitsa.

Nyambo yamadzi imachita zosiyana. Supuni yaing'ono imodzi ya ufa woyera wotchedwa borax, masupuni akuluakulu 8 a shuga, mu theka la lita ya madzi ofunda: mumanyowetsa thonje n'kuliika m'kachitini kotseka koboola timabowo m'mbali, pafupi ndi njira yawo. Tsiku loyamba nyerere zimachuluka kuposa kale, kachitini kaja kamada bii, ndipo dzanja limayabwa kufuna kupopera. Dziletseni. Zikumwa n'kukadyetsa zinzawo kuchisa, ndipo ndi zomwe mukufuna. Chomwe ambiri amalakwitsa ndi kuchulutsa borax poganiza kuti zifa msanga. Zimafadi msanga, koma panjira, zisanafike kwa manthu, kapena zimangoikana nyamboyo. Pamafunika sabata imodzi mpaka itatu. Nyerere zina sizifuna zotsekemera koma zamafuta, ndiye mukaona kuti shuga zikungomudutsa, sinthani nyambo. Kachitiniko kakhale kosafikirika kwa ana ndi ziweto, popeza borax naye si chakudya. Kupopera kumakhala ndi malo ake pamene chisa chenicheni mwachipeza panja, pansi pa mwala kapena m'mphepete mwa khonde, n'kuchithira mwachindunji.

Tikafika ku mitengo, funso loyamba si loti mankhwala ati, koma loti kachilombo kake n'kotani. Ndinali ndi mtengo wa mandimu womwe masamba ake anada ngati apakidwa mwaye, akumata m'manja, nyerere zikukwera ndi kutsika pathunthu tsiku lonse. Nditatembenuza tsamba ndinapeza nsabwe zili thothotho, ndipo m'mphanda za nthambi munali kodikodi woyera ngati ufa. Tizilomboti timayamwa madzi a mtengo n'kutulutsa timadzi totsekemera. Nyerere zimadya timadzito, ndipo pobwezera zimathamangitsa adani a nsabwezo. Kuda kwa masamba kuja ndi nkhungu yomera pa timadzi tomweto. Choncho nyerere pamtengo nthawi zambiri ndi chizindikiro chabe, ndipo kumanga lamba womata pathunthu kuti zisakwere kumagwira theka la ntchito.

Pa tizilombo toyamwa totere pali njira zitatu zopikisana. Madzi a sopo, mamililita 10 mpaka 20 a sopo wamadzi pa lita imodzi, amapha tokhato tomwe takhudzidwa, ndiye muyenera kunyowetsa kunsi kwa masamba, madzulo dzuwa litazizira, n'kubwereza pakatha sabata. Yesani kaye panthambi imodzi, chifukwa masamba ena amapsa. Mafuta a nimu ali ndi azadirachtin, yemwe amachititsa kachilombo kusiya kudya ndi kulephera kufundula. Amachedwa, ndipo dzuwa limawawononga m'masiku ochepa, kotero nawonso ndi obwereza. Njira yachitatu ndi imidacloprid wothira pamizu. Mtengo umamumwa, amakwera mpaka kumasamba, ndipo nsabwe iliyonse yoyamwa imafa kwa miyezi. Pa mphamvu palibe womuposa, ndipo pamtengo wautali womwe mpope sungafike pamwamba ndi yekhayo wothandiza. Koma amafikanso mu mungu ndi m'timadzi ta m'maluwa momwe njuchi zimadya, ndipo ichi n'chifukwa chake European Union inaletsa kumugwiritsa ntchito panja mu 2018. Pamtengo wazipatso kapena wina uliwonse wokonda njuchi, ine ndimayamba ndi sopo ndi nimu, ndipo ndimalimbikira mpaka kanayi ndisanaganize zina. Mandimu anga anachira ndi zimenezi ndi lamba uja basi.

Pyrethroid pamtengo ndimamuopa pa chifukwa china. Amapha zonse, kuphatikizapo tizilombo tofiira ta madontho akuda tija timadya nsabwe, ndi timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'matupi a kodikodi. Nsabwe zimaswana msanga kuposa adani awo, ndiye pakatha mwezi zimabwerera zochuluka, popanda wozidya. Pa mbozi zodya masamba, imidacloprid sachita zambiri. Bwino Bt, mankhwala ochokera ku bakiteriya wotchedwa Bacillus thuringiensis, omwe mtundu wake wa mbozi umapha mbozi zokha, makamaka zikadali zazing'ono. Mphutsi zoboola thunthu, zija mumaona utuchi patsinde, mankhwala opopera sazifikira: lowetsani waya m'bowo, kapena dulani nthambi yogwidwayo n'kuitentha. Chiswe chikamata dothi pathunthu, palani kaye muone. Nthawi zambiri chikudya khungwa lakufa la mtengo womwe wafooka kale ndi ludzu kapena bala. Mbande zongowokedwa kumene ndi zomwe zimafunadi chitetezo, ndipo kusuntha zinyalala zouma kuti zisagunde tsinde kumathandiza musanathire chilichonse.

Botolo lililonse lovomerezeka lili ndi mzere wamtundu m'munsi mwa chipepala chake: wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira. Zilembo EC zikutanthauza mankhwala omwe amayera ngati mkaka mukawathira m'madzi, ndipo amalowa pakhungu mosavuta, pomwe SC amadikha pansi, ofunika kukhutchumula musanayeze komanso pamene mukuthira. Kuonjezera mlingo sikupha kawiri, ndipo pa fipronil kumangochotsa kuchedwa kuja komwe ndi mphamvu yake. Valani magolovesi, nsapato zotseka ndi zovala za manja aatali, makamaka poyeza, chifukwa apo ndi pomwe mumagwira mankhwala osasungunula. Ngati muli ndi mphaka, permethrin asamuyandikire, amamupha. Botolo likatha litsukuluzeni katatu, madziwo muthire mumpope, kenako liboleni kuti wina asadzatungire madzi akumwa. Munthu akayamba kutuluka malovu ambiri, thukuta, kusanza kapena kuona mwachimbuuzi atagwira mankhwala, muvuleni zovalazo, musambitseni ndi sopo, ndipo muthamangire naye kuchipatala mutatenga botolo lomwelo kuti adokotala awerenge dzina la mankhwala ake.