Mopu yodzifinya yokha: kodi ingapirire mchenga wa ku Kasungu ndi mapazi a ana?

M'mashopu a ziwiya zapulasitiki pa boma la Kasungu masiku ano simusowa mopu ya mutu wobulungira, ija imabwera m'katoni limodzi ndi chidebe chake chokhala ndi kadengu kazibowo. Ogulitsa amaitamanda kuti simudzagwiranso madzi akuda ndi manja, ndipo apo sanama. Chimene satchula n'chakuti anaipangira nyumba zamatailosi zopanda mchenga, pomwe kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi limalowa ngakhale mutatseka mawindo, mchenga nawo umabwera ndi mapazi a ana tsiku lonse. Ndalama zake mutha kugulira mamopu wamba angapo ndi ndowa yomwe, ndiye musanapisa m'thumba dziwani chimene mukutenga.

Ilipo yamitundu iwiri. Ina chidebe chake chili ndi chopondera: mukaponda, kachitsulo kamanomano kamakankha giya ili pansi pa kadengu, kadengu n'kuzungulira, sipuling'i n'kubweza chopondera m'mwamba. Inayo mphamvu yake ili mundodo. M'kati mwa ndodoyo muli kachitsulo kopotoka, moti mukaikankhira pansi mutu wa mopu umazungulira pamodzi ndi kadengu. Zonse zimafinya mofanana, madzi amachita kuthawa mu ulusi chifukwa cha liwiro. Koma panyumba pamene pali ana tengani yandodo. Mwana akaona chopondera amaona choseweretsa, amachidumphira ndi mapazi onse awiri, ndipo giya ya zotsika mtengozi imakhala yapulasitiki, mano ake sachedwa kubenthuka. Mukamva chikungolira khwee kadengu osayenda, kwatha, chifukwa giya yolowa m'malo mwake njosowa.

Yandodo nayo ili ndi pofera pake. Chapakati pa ndodo pali loko: mumatsegula pofinya, mumatseka pokolopa. Mukakolopa loko ali wotsegula ndodo imangofupika ndi kutalika, mutu n'kumazungulira pachabe. Choopsa kwambiri ndi kufinya ndodo itapendekeka. Kachitsulo kopotokako kakangokhota pang'ono kamayamba kugwira, ndipo sikawongoka bwino. Lamulo loti muphunzitse mwana aliyense wogwira mopuyi ndi ili: ndodo iime chilili, mutu ukhale pakati penipeni pa kadengu, akankhe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mosagwiritsa thupi lonse.

Musalole kuti akupatseni katoni yomata osatsegula. Tsinani khoma la chidebe. Likamabonyoka ngati beseni lotchipa, silimaliza chaka, makamaka likamagona padzuwa. Kadengu kachitsulo kosachita dzimbiri kamaposa kapulasitiki, koma kazungulitseni ndi chala muone ngati sikakugwedezeka. Yang'anani kachotsekera kotulutsira madzi m'munsi mwa chidebe: ngati kali kolekera, thirani madzi pomwepo muyese, chifukwa ndi pamene zambiri zimayambira kudontha. Polumikizira zigawo za ndodo pakhale pothina. Mawilo musawawerengere, amathyoka tsiku loyamba limene mwana akokera chidebe pa sitepe ya pakhonde. Ndipo werengani mitu ya ulusi ili m'katonimo, ikhale iwiri.

Tsopano za pansi pa nyumba, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Pamatailosi mopuyi ilibe mnzake. Ulusi wake ndi wosalala kwambiri, umatola fumbi lomwe mopu yathonje imangolikankha, ndipo ukafinyidwa bwino pansi pamauma m'mphindi zochepa. Ubwino wake weniweni pabanja uli apa: mwana wa zaka 9 kapena 10 alibe mphamvu zopotokola chikolopa mpaka chiume, amasiya zithaphwi, wamng'ono n'kubwera akuthamanga n'kumenyetsa mutu. Ndi mopuyi mwana yemweyo amasiya pansi pongonyowa pang'ono ngati mmene angachitire wamkulu. Agogo odwala msana kapena nyamakazi ya m'manja nawo imawapeputsira ntchito.

Pasimenti yosalala yofiira, yopakidwa polishi wa Cobra kapena Sunbeam, imagwirabe ntchito bola mufinye kwambiri ndipo madzi akhale opanda sopo. Sopo waufa ndi Jik zimachotsa polishi, pansi n'kuchita mawangamawanga. Koma pasimenti yokhakhala, monga makonde ambiri ndi nyumba zalendi za ku Chankhanga zimene mmisiri anangodutsitsapo thabwa, musaiyese. Simenti imadya ulusi, ndipo mutu womwe ukanatha miyezi ingapo umasanduka nsanza m'masabata owerengeka. Pamenepo burashi yolimba ndi chikolopa cha thaulo lakutha sizinapezebe wozilanda malo. Nyumba yozira sitikambanso.

Mdani wamkulu wa chidebechi ndi mchenga. Umakhazikika pansi, umalowa pamene kadengu kamazungulirira, n'kumapera pang'onopang'ono mpaka kadengu kayambe kulimba. N'chifukwa chake pa tsiku loyeretsa nyumba yonse mopu imalowa komaliza, ndipo ntchito yaikulu ya ana imakhala isanafike nthawi yake.

Yambani ndi chipinda chimodzi, osati nyumba yonse. Zonse zili pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko ndi pamwamba pa kabati zitulukire pakhonde, pamkeka. Woyamba kukoka akhale wamkulu, atavala nsapato. Makatoni ndi matumba amene akhala pakona miyezi yambiri amasunga zinkhanira, ndowe za makoswe, nthawi zina njoka imene. Zikafika pabwalo ndiye ana alowepo. Pangani milu itatu: zosunga, zopatsa ena, zotaya. Wa zaka 3 mpaka 5 aphatikize nsapato ziwiriziwiri ndi kutolera zidole m'beseni. Wa zaka 6 mpaka 8 asankhe makope akale, kuthothola masamba osalembedwa kuti asokedwe kope lina, ndi kupukuta mipando ndi kansalu konyowa. Ana okulirapowo ayese zovala za pakaunjika zija zinadzaza thumba. Yathina ipite kwa mng'ono wake kapena kwa msuweni tsiku lomwelo, isabwererenso m'chipinda kukadikira "tsiku lina". Mwana mum'patse mpata wosankha yekha pa zinthu zake. Mukam'tayira galimoto yake yamawaya iye asakuona, ulendo wina azibisa zinthu pansi pa matiresi.

Pali mulu wachinayi umene ana sayenera kuuyandikira, ndipo m'nyumba za alimi a fodya ndi chimanga, kaya ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, sulephera kupezeka: mabotolo a mankhwala opopera kunazale, zotsalira za Actellic wothira m'chimanga, mankhwala a makoswe, mapiritsi otha nthawi ndi mabatire ophulika. Izi wamkulu aike padera pamalo okiyidwa. Botolo la mankhwala a mbewu silisanduka chosungira mchere kapena chotungira madzi ngakhale mulitsuke kangati, ndipo saliponya pamoto wa zinyalala pamene ana akuotha utsi.

Zosungazo zisabwerere m'makatoni apansi. Katoni ikakhala pasimenti imakoka chinyontho m'dzinja, mphemvu zimaikira mazira m'timipata take, chiswe n'kudzamaliza. Chidebe chapulasitiki chotsekera kapena sutikesi yokwezedwa pa njerwa ziwiri n'zokwanira.

Chipinda chikakhala mbee, yambirani m'mwamba: akangaude kudenga ndi tsache lomangirira kunsungwi, kenako mawindo, kenako pansi. Wazani timadzi pang'ono musanasese kuti fumbi lisauluke, ndipo mwana wa mphumu akhale panja nthawi imeneyi. Sesani, dikirani mphindi 15 fumbi likhazikike, sesaninso. Kusesa kwachiwiriku ndiko kumatalikitsa moyo wa chidebe chanu. Mukatero kolopani kuchokera pakona yakutali mukubwerera chammbuyo kulowera kukhomo.

Madzi m'chidebe asafike pa kadengu. Malita 5 ndi okwanira pa zambiri. Akapitirira, kadengu kamamenya madzi, ulusi osauma, ndipo thovu limawazikira m'makoma. Sopo waufa asapose supuni imodzi. Ambiri amathira chikhatho chodzaza poganiza kuti thovu ndiye ukhondo, koma sopo wotsalira amachititsa pansi kunanda, fumbi n'kumamatirira msanga kuposa kale. Chofooka china cha chidebechi n'chakuti motsukira mopu ndi mofinyira madzi akuda ndi mmodzimodzi. Mukamaliza pabalaza pokha madziwo amakhala atasanduka matope, ndipo mukapitiriza nawo mukungopaka dothi m'zipinda. Ikani ndowa yachiwiri pambali yotsukuluziramo mopu musanaibwezere m'chidebe chake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene madzi amavuta, madzi omaliza otsukuluzira zovala amakwanira bwino ntchito imeneyi.

Ndowa ziwirizi zisasiyidwe ndi madzi pamene pali mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda. Mwana wotere mutu wake umakhala waukulu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi. Akasuzumira amagwera chamutu, satha kudzitulutsa, ndipo salira n'komwe. Mukapita kukayankha foni, tayani madzi kaye kapena nyamulani mwanayo.

Za Jik anthu anazizolowera kwambiri kuchokera pa kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Jik wamba amakhala ndi mphamvu ya 3.5 peresenti. Popha majeremusi pansi pa bafa kapena m'khitchini, mamililita 30 pa lita imodzi ya madzi ndi okwanira, kutanthauza mamililita 150 m'malita 5, ndipo pansipo pakhale patakolopedwa kale ndi sopo chifukwa litsiro limapha mphamvu ya Jik. Pamasanzi kapena chimbudzi cha mwana pamafunika wamphamvu, gawo limodzi la Jik ku magawo 6 a madzi, koma apo gwiritsani chinsanza choti mutaye, osati mopuyi. Ulusi wake sugwirizana ndi Jik wa tsiku ndi tsiku, umauma n'kuyamba kuthothoka. Wosakaniza akhale wamkulu, mawindo ali otsegula. Musaphatikize Jik ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi monga Harpic, kapena ndi chotsukira chilichonse cha amoniya: mpweya umene umatuluka umawotcha maso ndi m'chifuwa. Ndipo asatsanuliridwe m'botolo la Sobo. Mwana akamwa mwangozi musam'sanzitse. M'tsukeni m'kamwa, m'patseni madzi pang'ono, muthamange naye kuchipatala mutatenga botololo.

Mukamaliza, pondani ulusi ndi phazi n'kukankha ndodo kutsogolo, mutu umaguluka wokha. Uchapeni ndi sopo wamtanda m'madzi ozizira kapena ofunda, osati owira, ndipo musauviike mu Sta-soft chifukwa amaphimba ulusi n'kuleka kumwa madzi. Uyanikeni pachingwe. Ukagona m'chidebe uli wonyowa, mawa lake nyumba yonse imanunkha chuku mukangokolopa. Chidebe chitsukuluzeni mpaka mchenga wonse utuluke, muchivundikire pamthunzi, ndipo kamodzi pa mwezi donthezerani kadontho ka mafuta a makina osokera pa kachitsulo ka m'ndodo.

Mitu ya ulusi imaoneka yofanana pashelefu koma siilowa pa mopu iliyonse. Ina mbale yake ndi yokulirapo pang'ono, ina timano take n'tosiyana. Gulani mitu iwiri yapadera tsiku lomwe mukugula chidebe, m'shopu yomweyo, muiyeserere pomwepo. Ikadzatha imeneyo, pitani ndi mutu wakalewo m'jumbo kuti mukayerekeze, chifukwa katundu wotere akatha pashopu, wobwera pambuyo pake kawirikawiri amakhala wa fakitale ina.