Transporter wandisinthira zingwe za nguli panjira ya Joni-Blantyre

Abale amene mumatumiza katundu kumudzi kudzera mwa anyamata a matrela aja, kanthu kakang'ono musamakapereke pakokha. Firiji imafika, koma kajumbo ayi.

Mphwanga wa ku Ndirande amagulitsa zoseweretsa ana: mayoyo ndi nguli zoponya zija zokhala ndi msomali kunsi. Chimamuvuta ndi zingwe. Yoyo imafuna chingwe chakechake cha polyester, chopindidwa pawiri n'kupotedwa kuti kumapeto kutsale diso lokolekera pakati pa yoyoyo. Nguli yoponya imafuna choluka cha thonje, chonenepa mamilimita 2 kapena 3, chotalika mita imodzi ndi theka kapena kucheperapo. Thonje limagwira thabwa. Nayiloni amaterera, ukaponya chingwe chimangovuka, nguli n'kugwa chammbali osazungulira.

Ndinagula zonsezi ku Johannesburg, ndinazimanga bwinobwino, ndipo transporter amene ndinamupatsa katunduyo anandilipiritsa R250 yonse pomwepo, amvekere sabata imodzi yokha. Poyamba foni ankayankha mwaulemu: tili pa Beitbridge achimwene, tadutsa Nyamapanda achimwene, tawoloka mlatho wa Tete. Kenako zii. Atayatsa foni sanaimbire ine, anaimbira achemwali anga kuti atumize K25,000 ya kasitomu pa Mwanza, apo ayi katundu atsala. Achemwali pochita mantha anatumiza. Lisiti mpaka lero sitinalione, ndipo sindikhulupirira kuti ndalamayo inafika pa tebulo la aliyense wa pa boda.

Tsiku lolandira, iye sanaoneke. Anatuma kamnyamata kukakumana ndi mphwanga pafupi ndi depoti ya Wenela. Katoni inali yong'ambika, yomatidwanso ndi selotepi ina. Nguli zilimo, mayoyo alimo, jumbo ya zingwe mulibe. M'malo mwake munali chingwe chabuluu cha nayiloni, choyanikira zovala chenicheni. Nditamufunsa anayankha akuseka kuti chingwe ndi chingwe, bwana. Munthu wakutayira katundu, wadyanso ndalama ya achemwali ako, ndiye akukuphunzitsa za zingwe! Kubweza sanabweze ngakhale tambala.

Tsono chitani izi. Jambulani katundu ali chotsegula transporter akuona, mumutumizire zithunzizo pa WhatsApp ndi mndandanda wake. Tinthu ting'onoting'ono tisokereni m'thumba la buluku mkati mwa chikwama chachikulu. Perekani theka la malipiro, lotsala akafika. Akumudzi muwauziretu kuti ya kasitomu popanda lisiti asatulutse.

Komanso si chingwe chilichonse choyenera kukwera nacho ulendo wonsewo. Nguli yathu yokwapula ija imangofuna chikwapu cha khonje kapena luzi, ndipo zimenezo kwathu n'zosasowa. Cha thonje mphwanga anakachipeza ku Limbe kwa ogulitsa zipangizo za matelala, chija osoka makushoni amalowetsa m'mphepete. Pogula amayatsa kansonga ndi machesi: thonje limapsa n'kusiya phulusa, fungo lake la pepala, pomwe nayiloni amasungunuka n'kuuma kampira kolimba.

Za yoyo zokha n'zimene ndikutumizabe kuchokera kuno, ndipo tsopano amanyamula ndi mayi wina wogeni amene amayenda pa basi. Mtengo wake ndi wokwererapo, sanyengerera, koma amakuuziratu zonse musanasiyane, ndipo akafika ku Blantyre amatsegula chikwama wolandira ali pomwepo n'kuwerenga naye chimodzichimodzi.